Mwana wanga ankasewera maliro

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Ameni!

Ine ndine Lusiya, koma ambiri mumanditchula make Limbani. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye zimene ndikufuna kunena ndachita kulemba papepala kuopa kusokoneza. Ndikaima panjira mundipirire.

Kwathu ndi kumtunda, cha ku Nzama, kolima kachewere kuja. Kuno ku Bwanje ndinabwera chitengwa, kutsata mwamuna wanga, malemu a Jemusi. Makolo anga onse anatsogola ndili mtsikana, ndipo kamunda kawo anagawana ena. Choncho pakhomo pa apongozi anga, aNajere, ndiye panasanduka kwathu. Tinali ndi kanyumba kathu, kapoloti kamodzi ka mpunga kusikimu, ndi mwana mmodzi, Limbani.

Limbani ali ndi zaka zitatu, bambo ake anapita ku Joni kukagwira ntchito yomanga. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi kuno, ankaimba foni yoonana nkhope. Mwanayo ankandilanda foni nkuthamanga nayo kuseri kwa nyumba kukawaonetsa ng'ombe zake zadongo. "Ababa, iyi yabereka!" Iwo nkumati, "Undisungire mkaka, ndikubwera." Anali mwana wolongolola, abale anga. Wolongolola ngati wailesi. Ine ndinkachita kumuuza kuti, "Iwe, tapumitsako kamwa." Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzagwada pansi kupempha Mulungu kuti kamwa lomwelo litseguke.

Ali ndi zaka zisanu, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, uthenga unafika. Bambo ake agwa pamwamba pa nyumba imene ankamanga. Atisiya. Thupi linatenga masabata awiri kuti lifike kuno.

M'masabata awiri amenewo apongozi anandiitana. Anati, "Make Limbani, mwanayu asamve. Mtima wa mwana ngwanthete. Akafunsa muzingoti ali ku Joni. Akadzakula adzadziwa yekha." Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, sanandikakamize. Nanenso ndinaona kuti ndi chifundo. Nanga si mmene timachitira? Mwana saona bokosi, mwana sapita kumanda, mwana sauzidwa.

Tsiku loika maliro ine ndinali m'siwa, mutu osagwira. Ndinafunsa kamodzi kokha, "Limbani ali kuti?" Wina anayankha, "Ali pabwino, musade nkhawa." Basi. Sindinafunsenso.

Lamulungu loyamba maliro atatha, Limbani anatenga foni nkukhala nayo pakhonde mpaka madzulo. Lamulungu linalo chimodzimodzi. Kenako anandifunsa, "Ababa sakuimba bwanji?"

Ndinati, "Ntchito yawachulukira."

Anandiyang'ana. Abale, kuyang'ana kumene kuja sindidzakuiwala. Sanalire. Lamulungu lachitatu anaimenyetsa foni pamwala.

Kuyambira pamenepo mwana wanga anayamba kundichokera ali pomwepo. Mawu anachepa, anachepa, mpaka anatha. Ukamufunsa kanthu, duu. Ukamugwira, kuluma. Anayambanso kudzikodzera ngati khanda, masana dzuwa lili pamutu. Ndiye panali nkhani ya chitseko. Sankalola kuti chitseko chitsekedwe iye ali m'nyumba. Ukangokankha chonchi, kukuwa, kumenyetsa mutu pachitseko mpaka chipumi kutupa. Ndinaika mwala pachitseko. Nkhuku zinkalowa ndi kutuluka ngati nyumba ndi yawo.

Kusukulu anapitako masabata atatu. Analuma mnzake khutu, aphunzitsi nkundipempha kuti ayambe wakhala kaye kunyumba. Sindiwada, anali ndi ana a eni ake oti awateteze. Muno m'tchalitchi ena mukukumbukira tsiku lija anang'amba buku la nyimbo nkuluma otsogolera kwaya. A Phiri, dzanja lija linapola? Ndikupepesanso lero pamaso pa anthu. Mwaseka, koma tsiku limenelo ine ndinatuluka muno ndi mwana kumsana, wamkulu chotere, akundimenya zidendene m'nthiti. Sindinabwerenso kwa miyezi isanu. Ena munasuntha pabenchi nditakhala pafupi nanu. Sindikudzudzula munthu. Nanenso ndikanasuntha.

Koma chimene chinatiopsa kwambiri si kuluma ayi. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa khitchini ali chete, atagwada. Wakumba kadzenje. Watenga chitsononkho, wachiika m'kabokosi ka sopo, akukwirira. Pamwamba waikapo masamba ngati nkhata.

Mayo ine! Thupi lonse linachita tsembwe. Inu mukudziwa mmene tinakulira. Mwana kusewera maliro ndi malodza, ndiye kuti akuitana imfa pakhomo. Ndinafafaniza ndi phazi. Ndinathyola kamtengo nkumukwapula. Ndinamukwapula, abale, ine amene ndinali ndisanamukwapulepo chibadwire. Mawa lake anakumbanso. Ndinamukwapulanso. Mkuja wake anakakumba kuseri kwa bafa. Ine kufafaniza, iye kukumba. Ine kufafaniza, iye kukumba.

Apongozi ataona anagwira pakamwa. "Akukumba la ndani tsopano? Langa?" Nkhani inafika kumjigo. Ndikafika ndi ndowa, amayi ankakokera ana awo kumbuyo. Ena ankanong'ona kuti alipo amene akumuphunzitsa zausiku. Mwana wa zaka zisanu!

Anayambanso kuthawa. Ukangotembenuka, wapita. Kawiri ndinakamupeza kumsewu. Kamodzi anthu anamuvuula m'ngalande ya kusikimu madzi atadzaza. Pamenepo ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi kunena, koma ndinena. Ndinang'amba chitenje chakale nkumumanga mwendo. Mbali ina pamwendo pake, mbali ina pansanamira ya khonde. Ndikapita kukawokera mpunga, mbali inayo ndinkaimanga m'chiuno mwanga, iye atakhala pamzere wa poloti, ine ndili m'matope. Chitenje chija chinamanga anthu awiri. Kumsika osapita. Kutchalitchi osapita. Kumaliro a anzanga osapita. Kuchimbudzi komwe ndinkapita mothamanga, khutu lili pakhonde.

Mpunga utayamba kubereka, apongozi anandiitananso. Anati, "Make Limbani, inu mwalephera. Dzanja lanu ndi lofewa. Ndalankhula ndi bambo ake aang'ono kutawuni. Tikamweta mpunga abwera kudzamutenga. Kumeneko kuli mneneri amachotsa zoterezi, ndipo akamukhazika m'manja mwa mwamuna."

Ndinati, "Amayi, akapita adzabwera liti?"

Anati, "Akadzakhala munthu."

Abale ndi alongo, ndikanathawira kuti? Kumtunda kulibe amayi, kulibe munda, kulibe malume woti andiimire. Nyumba ndi ya eni ake. Poloti ndi ya eni ake. Changa chenicheni pa dziko lino chinali chimodzi, ndipo chinali chomangidwa pansanamira. Mpunga umene ndinawokera ndi manja anga ndinayamba kuuopa. Anthu akamasangalala kuti ngala zikuwerama, ine mtima unkagwa. Ndinkapita kukaingitsa mbalame ndikupemphera chamumtima kuti usache msanga. Munamvapo mlimi akupempherera mpunga wake kuti usache? Ndine ameneyo. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, ndilibe kolowera. Ndilibe kolowera."

Tsono mverani mmene Mulungu anachitira. Sanatume mngelo. Anadzera pa chilonda.

Pamene ndinkamanga paja panasupuka chifukwa chokoka, kenako panayamba mafinya. Ndinamukweza panjinga ya bambo ake nkupita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Tinapeza anamwino ena, aNangozo, mayi wamfupi wovala magalasi. Atamutsuka chilondacho anaona kuti chazungulira mwendo ngati chibangili. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, ichi ndi chiyani?"

Ndinafuna kunama. Ndinali nditazolowera kunama. Koma misozi inayamba yokha, ndipo ndinaulula zonse: kuluma, chitseko, ngalande, chitenje. Zosewera maliro zija zokha ndinabisa, ndinkaopa.

Sanandikalipire. Anangofunsa, "Zinayamba liti?"

"Bambo ake atamwalira."

"Iyeyo akudziwa kuti anamwalira?"

"Ayi, sitinamuuze."

Anati, "Mmm." Kenako anati, "Chitenjecho lero lomwe chichoke pamwendo. Lachitatu mubwere naye masana, anthu akachepa. Mankhwala palibe. Adzasewera."

Ndinati, "Pepani, mwati adzatani?"

"Adzasewera. Ine ndinakaphunzirako zothandiza ana ovutika mumtima. Munthu wamkulu zikamuwawa amakhala pansi nkufotokoza. Mwana alibe mawu okwanira, amafotokoza ndi zidole. Ife timangomupatsa malo nkumamvetsera ndi maso."

Ndinabwerera kunyumba ndikung'ung'udza mumtima. Dzuwa la ku Bwanje mukulidziwa. Ndizipalasa njinga ulendo wonsewo kuti ndikaone mwana akusewera? Kodi kwathu kulibe mchenga? Koma munthu wosowa kolowera sasankha. Lachitatu ndinapita. Apongozi ndinawauza kuti ndi zachilonda.

Kunali kachipinda kuseri. Pansi mkeka. Beseni lodzaza mchenga, dongo lonyowa m'pepala, zidole zansanza zazikulu ndi zazing'ono, galimoto yawaya, zitini, timabokosi topanda kanthu ta mankhwala. Limbani anaima pakhomo, osalowa. ANangozo sanamukoke. Anatenga mwala nkutsamiritsa chitseko. Anati, "Limbani, chitseko ichi sichitsekedwa. Muno ukhoza kusewera mmene ukufunira. Lamulo ndi limodzi: sitipweteka munthu. Chidole ukhoza kuchimenya, amayi ako ayi."

Ine anandipatsa malamulo anga. "Mukhale apo. Musamufunse mafunso. Musamuphunzitse. Musanene kuti wachita bwino kapena walakwa."

"Nanga ndizitani?"

"Muzimuona."

Lachitatu loyamba anawaza mchenga chipinda chonse. Ine manja ankayabwa kuti ndimugwire. ANangozo ankangonena zimene akuona, mofatsa: "Waponya mchenga kutali. Wakwiya kwambiri." Lachitatu linalo anazula mutu wa chidole. "Wachizula mutu." Basi. Ine mumtima ndinkati, mayi awa amalandira malipiro chifukwa chonena zimene tonse tikuona? Lachitatu lachitatu anakhala pakona atatipatsa msana, akukanya dongo, osaumba kanthu. Pobwerera ndinadutsa kusikimu. Mpunga unali utayamba chikasu.

Lachitatu lachinayi ndi limene ndaimira pano.

Analowa yekha. Anatenga chidole chachikulu nkuchiika m'kabokosi ka mankhwala. Anakakweza pagalimoto yawaya, nkuyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira mkeka mpaka pabeseni. Anayamba kukumba.

Ndinadzambatuka. "Limbani, leka!" Koma aNangozo anali atagwira kale chitenje changa. Anandikokera pansi, nkundinong'oneza, "Khalani pansi, mayi."

"Ndi malodza amenewa! Akuitana maliro!"

"Maliro anachitika kale, mayi. Mwanayu sakuitana kanthu. Khalani pansi muone."

Ndinakhala pansi. Mwezi ndi mwezi ndinkafafaniza akangoyamba kukwirira. Ndinali ndisanaonepo kumene seweroli limathera.

Asanakwirire anatenga kawaya nkuboola timabowo pakabokosi paja. Kenako anatenga kachidole kakang'ono kwambiri nkukaponya m'chitini, nkuvundikira ndi chivindikiro, nkukanikiza ndi manja onse awiri. Anaika chitinicho pambali, moyang'ana beseni. Ndiye anayamba kugogoda chitini ndi chala. Go, go, go. Ndipo ndinamva mawu. Mawu a mwana wanga, abale, amene ndinali ndisanawamve miyezi yonseyo. Aang'ono, osasa.

"Tsegulani. Tsegulani. Ababa akupita. Tsegulani."

ANangozo anati, "Kamwanako katsekeredwa. Kakuona, koma sikangathe kutuluka."

Limbani anavomera ndi mutu. Anakwirira bokosi. Anadikira pang'ono. Kenako anafukula msangamsanga ndi zala, nkutsegula, nkupemerera chidole chija mphepo ndi dzanja.

Ambuye Yesu! Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira. Ndinadzafufuza pambuyo pake. "Pabwino" paja anandiuza tsiku la maliro, kunali m'kachipinda kosungira mpunga kwa apongozi. Anamupatsa mandasi awiri nkumutsekera ndi loko kuti asaone. Koma kachipindako kali ndi kazenera, ndipo kazenerako kamayang'ana njira ya kumanda. Anakwera pathumba. Anaona bokosi. Anaona chithunzi cha bambo ake chitanyamulidwa kutsogolo. Anaona ine atandigwira anthu awiri. Anakuwa, koma ndani akanamumva pakati pa nyimbo ndi kulira?

Ankadziwa, abale. Miyezi yonseyo ankadziwa. Ndipo amayi ake omubala ankamuyang'ana m'maso nkumati, "Ntchito yawachulukira." Atafuna kundiuza ndi chitsononkho, ine ndinamuyankha ndi kamtengo.

ANangozo anandiperekeza panja, Limbani akutsuka manja pampopi. Anati, "Mumuuze zoona. Inuyo, osati ine. Mawu ake akhale achindunji: anamwalira, sadzabweranso. Akafunsa muyankhe. Mukalira musabise. Ndipo tsiku lililonse mumupatse kanthawi kake, mukhale naye pansi, asewere chimene akufuna."

"Nanga apongozi?"

Anati, "Pamenepo sindingakunamizeni kuti mpophweka."

Sindinadikire kufika kunyumba. Ndinaimika njinga pamthunzi wa mtengo m'mbali mwa njira. Ndinamutsitsa, ndinagwada kuti tifanane msinkhu. Ndinati, "Limbani, ndinakunamiza. Ababa sali ku Joni. Anamwalira. M'bokosi lija unaona munali iwowo. Sadzaimbanso foni. Pepa, mwanawe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa, "M'menemo akupuma bwanji? Simukutentha?"

Ndi chifukwa chake ankaboola timabowo. Ndi chifukwa chake ankafukula. Mwana wanga miyezi yonseyo ankaganiza kuti bambo ake akubanika pansi, ndipo palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene akupita kukawatsegulira.

Ndinati, "Munthu akamwalira thupi silipuma, silimva kutentha, silimva kuwawa. Iwo ali kwa Mulungu."

"Ine munanditsekera chifukwa ndinalakwa?"

"Ayi. Sunalakwe kanthu. Tinalakwa ndife."

Analira. Koyamba chichitikire maliro, analira kulira kwa mwana, osati kukuwa kuja. Nanenso ndinalira. Bambo wina anadutsa ndi njinga ya makala nkufunsa ngati tagwa. Ndinati ayi, tili bwino.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Mawa lake Limbani anandiluma pamkono chifukwa ndinamuletsa kupita kungalande. Anadzikodzeranso. Lachitatu tinkapitabe. Ndipo kunyumba ndinali ndi vuto: kanthawi kake kaja kakakwana, iye ankafuna sewero limodzi lokha. Ndinkakhala naye kuseri kwa khitchini ngati akuba, iye akukumba, ine maso kunjira.

Tinamweta mpunga. Tinapuntha. Uthenga unabwera kuti bambo ake aang'ono afika Loweruka.

Lachinayi masana apongozi anatipeza. Anabwera kudzabwereka lichero, nkutiona: mwana akukwirira kabokosi, mayi wake ali chikhalire pambali manja pamiyendo. Anakuwa, "Make Limbani! Mwapenga kodi? Mukumuthandizira kundikumbira manda?" Anatola kandodo kotakasira kamene kanali pamtondo pafupi, nkubwera.

Ine chikwatiwire ndinali ndisanawayankhepo apongozi anga. Tsiku limenelo sindinawayankhenso mwamwano. Ndinangosuntha nkukhala pakati pa iwo ndi dzenje. Ndinati, "Amayi, menyani ine. Koma muyambe mwaona mpaka kumapeto. Ndamuuza. Ankadziwa kale."

"Mwamuuza? Ndani anakulolani?"

Ndisanayankhe, Limbani anadzutsa mutu. Anatenga chitsononkho china nkuwapatsira. Anati, "Agogo, ichi ndinu. Mugwe apa. Paja munagwa pamtengo wa mango, mpango wanu nkuvuka, amayi awiri nkukudzutsani."

Abale, apongozi anga anagwadi pamtengo wa mango tsiku la maliro. Ine sindinaone, ndinali kutsogolo. Palibe anamuuza mwanayo. Anaona yekha pakazenera.

Kandodo kaja kanagwa. Anaima ngati mtengo. Kenako anafunsa motsitsa, "Unali pati iwe?"

Limbani analoza chitini chimene anachivundikira pambali pa dzenje. "Umu."

Anakhala pansi, padothi pomwepo, mayi wamkulu amene sakhala popanda mkeka. Anagwira chitsononkho chija ndi manja awiri. Loko uja anakhoma ndi iwowo. Anakhoma chifukwa chomukonda. Anati, "Mayo, mdzukulu wanga. Mayo, Jemusi mwana wanga." Limbani anawayang'ana nkunena, "Imbani nyimbo, agogo. Anthu achepa pamaliro." Ndipo anaimba. Nyimbo ija timaimba ponyamuka kupita kumanda, anaiimba ndi mawu onjenjemera, ine ndikuvomera. Tinaika chitsononkho m'manda anthu atatu, masanasana, nkhuku zikutizungulira. Tsiku limenelo sanafukule. Anasalaza pamwamba ndi dzanja nkunena kuti ali ndi njala.

Loweruka bambo ake aang'ono anafikadi. Ine ndinali m'nyumba nditamukumbatira mwana. Ndinamva apongozi pakhonde akuti, "Thumba la mpunga ilo, nyamula. Mwana asiye."

"Amayi, simunati ali ndi ziwanda?"

"Ziwanda zake ndine. Nyamula mpunga uzipita, basi ingakusiye."

Aleluya! Abale ndi alongo, ndithandizeni kunena Ameni!

Tsopano ndikuuzeni mmene tilili lero, mosawonjezera. Ndikadali pakhomo pa eni ake. Poloti ikadali ya eni ake. Mwamuna wanga sadzabwera. Zimenezo sizinasinthe. Limbani ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wabwerera kusukulu, ali sitandade wani, wamkulu kuposa anzake. Masiku ena amakwiyabe mpaka kunjenjemera, koma amapita kukamenya dongo, samenya munthu. Kwa aNangozo timapita kamodzi pamwezi. Kanthawi kathu kamasana sitinasiye. Sewero lamaliro analisiya yekha, palibe anamuletsa. Pano amandipanga ine ng'ombe, iye mbusa, ndipo amandikalipira kuti ndine ng'ombe yaulesi. Chipsera chapamwendo chilipo. Ndikamamusambitsa ndimachiona, ndipo sindifuna kuti ndichiiwale.

Anapempha kukaona pamene anagona bambo ake. Apongozi anakalankhula ndi akuluakulu, ndipo agwirizana kuti adzapite nafe tsiku lomanga chiliza. Waumba ng'ombe yadongo ndi mwana wake yoti akasiye kumeneko. Ili pazenera, ikudikira. Palibe amaloledwa kuikhudza, ngakhale agogo ake.

Amayi anzanga, ine si mlangizi, ndipo miyambo yathu sindinaitaye. Ndikungopempha chimodzi. Mwana akamasewera chinthu chokuopsani, musathamangire kamtengo monga ndinachitira ine. Khalani pansi muone kumene chikuthera. Zikakukulirani pitani kuchipatala mukafunse, alipo anthu anaphunzira zimenezi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi lija. Ndikuthokoza chifukwa cha aNangozo, amene anandigwira chitenje. Ndikuthokoza apongozi anga, ali apo pamzere wachiwiri, amene andilola kunena zonsezi pagulu, anati, "Kaneneni, mwina wina sakhoma loko." Ndikuthokoza inu amene munabwereranso kudzakhala nane pabenchi.

Chomaliza ndi ichi. Mwala uja ndinaika pachitseko unakhalapo pafupifupi zaka ziwiri. Lachiwiri lapitali masana ndinali m'nyumba ndikusankha nyemba, Limbani akulemba za kusukulu pamkeka. Nkhuku inalowa nkumuponda kope. Anadzuka, anaiingitsa, anagubuduza mwala uja ndi phazi, nkutseka chitseko. Yekha. Ife tili m'kati. Anakhalanso pansi nkunena, "Amama, nkhuku zanuzi zilibe ulemu."

Ine ndinangoti, "Zoonadi." Ndinapitiriza kusankha nyemba, koma sindinkaziona.

Ambuye alemekezeke. Zikomo pondimvetsera. Ameni.